Zilema m'mzere wa ma ion zimachokera kuti?

Mchemwali wina wa ku Mufakose, amene akuphunzira physics kuno ku Harare, wandilembera imelo. Akufunsa kuti: ngati ma ion onse (maatomu okhala ndi chaji ya magetsi) ndi ofanana ndipo ali mumsampha umodzi, chilema m'mzere wawo chimabadwa bwanji?

Achemwali, tiyambire pa msamphawo, chipangizo chogwira ma ion m'malere ndi mphamvu ya magetsi. Umatchedwa ndi dzina la Wolfgang Paul, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1989. Ma ion akaziziritsidwa ndi laser amandanda mzere umodzi ngati mikanda, koma sagundana poti amakankhana. Mukachepetsa mphamvu yowapanikiza m'mbali, mzerewo umakhotakhota: uyu kumanzere, wotsatira kumanja, mpaka kumapeto. Woyamba akhoza kupita mbali iliyonse, ndipo nkhani yagona pamenepo.

Taganizani anyamata a mganda ali pamzere, auzidwa kuti apatuke mosinthana. Ng'oma ikamalira pang'onopang'ono, aliyense amaona kumene mnzake walowera. Koma ikalira mwadzidzidzi, akutsogolo asankha zawo, akumbuyo zawonso, ndipo pokumana magulu awiriwa kusinthana kuja kumasokonekera. Pamenepo ndi pamene akatswiri amati kink, ndipo ndicho chilema chija. Palibe ion yowonongeka ayi, kungoti uthenga sunafike nthawi yake. Komanso pafupi ndi posinthira penipeni, pamene mzere wowongoka umayamba kukhota, mzerewo umachedwa kwambiri kuyankha, choncho mukafulumiza kusinthako, timagulu timachuluka, ma kink nawonso.

Ganizoli analiyamba Tom Kibble mu 1976 poganizira mmene chilengedwe chinazizirira chitangoyamba. Mu 1985 Wojciech Zurek anaonetsa kuti lingayesedwe mu helium wamadzi, n'kulumikiza kuchuluka kwa zilema ndi liwiro la kusinthako.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi cha 2013. Ku Mainz, m'dziko la Germany, akatswiri anagwiritsa ntchito ma ion 16 a calcium, ku Braunschweig m'dziko lomwelo a ytterbium, ndipo ion iliyonse inkaoneka payokha pa kamera. Munthu n'kuwerenga ma kink ndi maso! Anabwereza kambirimbiri pa liwiro losiyanasiyana, ndipo anapezadi kuti kufulumiza kumachulukitsa zilema.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi powerenga zotsatira zawo. Ma ion amathithikana kwambiri pakati pa mzere kusiyana ndi kumapeto, ndiye kukhota kumayambira pakati n'kumafalikira kunja. Ma kink ena amatsetserekera kumapeto n'kutha kamera isanawajambule. N'chifukwa chake masamu a mzere wautali wofanana ponseponse sangagwire ntchito pa msampha wotere osawakonza kaye.