Yambani ndi awiri a mu 1982

Achimwene, mwafunsa ngati mafilimu akale a zasayansi amene anzanu sasiya kuwatchula aja ali oyenera kuwathera bandulo, komanso kuti muyambire pati. Yambani ndi The Thing ya John Carpenter, kenako Blade Runner ya Ridley Scott. Onse awiri anatuluka tsiku limodzi ku America, pa 25 June 1982, ndipo onse sanayende malonda. Anthu anali atatengeka ndi E.T. ya Steven Spielberg, yomwe inali itatuluka masabata awiri m'mbuyomo. Anadzatchuka pambuyo pake chifukwa cha makaseti a vidiyo, anthu akuonera kunyumba mobwerezabwereza n'kumauzana.

The Thing ndi nkhani ya amuna 12 amene ali pamalo ochitira kafukufuku ku Antarctica. Pafika galu wothawa, koma si galu weniweni: ndi chamoyo chochokera kunja kwa dziko lino, chomwe chikagwira munthu chimasanduka iyeyo, nkhope ndi mawu omwe. Basi kukhulupirirana kwatha. Mudikire pamene Kurt Russell wawamangirira anzake, watenga magazi a aliyense m'timbale, n'kumaviikamo waya wotentha mmodzimmodzi. Chipindacho chili zii, aliyense akuyang'ana kambale ka mnzake. Zilombo zake anazipanga ndi manja Rob Bottin, mnyamata wazaka za m'ma 20 panthawiyo, pogwiritsa ntchito labala ndi timakina. N'chifukwa chake mpaka lero zimanyansa zenizeni, pakuti osewerawo ankaona chinthu chogwirika pamaso pawo. Ana akagone kaye, ndipo musaonere mukudya nsima.

Blade Runner imafuna kudekha, chifukwa imayenda pang'onopang'ono. Ngati mukufuna zipolopolo zokhazokha, mugona. Musake yokonzedwanso ya 2007, yotchedwa Final Cut. Ya 1982 ija akampani anaikamo mawu a Harrison Ford ofotokoza zilizonse, n'kuwonjezeranso mathero osangalatsa amene sakugwirizana ndi nkhaniyo. Zikuchitikira ku Los Angeles mu November 2019, mvula yosakata, mdima, zikwangwani zowala. Anthu opangidwa m'fakitale, amene anawaikira moyo wa zaka zinayi zokha, abwerera kudzapempha amene anawapanga kuti awawonjezere masiku. Ford ndi wapolisi wotumidwa kukawapha, koma mukamafika kumapeto mumapezeka kuti chisoni mukumvera osakidwawo, makamaka Rutger Hauer, yemwe anamwaliradi mu 2019, chaka chomwecho cha m'filimuyo. Magalimoto ouluka a m'filimuyo sanabwere, ndipo Ford amaimba foni pakakina ka m'bala, koma zimenezo sizichotsa kanthu.

Kwa ine chimene chimawasunga mafilimuwa n'choti sakupatsani yankho. Kodi wapolisi wa mu Blade Runner uja nayenso ndi wopangidwa? Scott amati inde, Ford ankanena kwa zaka zambiri kuti ayi. Nanga mwa amuna awiri otsala kumapeto kwa The Thing, alipo amene wasanduka kale? Zaka zoposa 40 zadutsa anthu akukanganabe, ndipo mukaonera mudzalowa nawo mkanganowo muno m'gulu.

Awa akakukomerani, pitani ku Alien ya 1979. Blade Runner 2049 ya 2017 ndi yabwino, koma idikire muone yoyambayo kaye. Pofufuza The Thing muonetsetse chaka, chifukwa pali ina ya dzina lomweli ya 2011, ndipo si imene ndikunenayi.