Kodi Dolly Parton anakuliradi mu umphawi?

FUNSO: Ine ndi alamu anga takhala tikutsutsana. Iwo akuti woimba Dolly Parton sanalawepo umphawi, nkhani ya chikhoti cha zigamba ya mu nyimbo ya "Coat of Many Colors" anangoipeka kuti nyimboyo iyende malonda. Akunena zoona ndani?
Wokonda nyimbo za country

YANKHO: Alamu anuwo angogonja basi. Dolly anabadwa pa 19 Januwale 1946 m'kanyumba kamatabwa ka chipinda chimodzi ku Sevier County, m'mapiri a ku Tennessee, ku America. Ndi wachinayi m'banja la ana 12. Bambo ake, a Robert Lee Parton, ankalima fodya ndipo sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Dolly mwiniwake amasimba kuti dokotala amene anabeleketsa mayi ake analipidwa thumba la ufa wa chimanga, poti ndalama m'nyumbamo munalibe. Chikhoticho anasokadi mayi ake, a Avie Lee, polumikiza tizidutswa ta nsalu, ndipo atachivala kusukulu anzake anamuseka.

Kumene ine ndimasiyana ndi anthu ambiri n'koti amakamba ngati umphawiwo ndi umene unamuphunzitsa kuimba. M'mapiri amenewo ana osauka analipo ambirimbiri, koma ena onsewo tinawamvapo? Nyimbo zinachokera kuchikazi. Mayi ake ankaimbira ana nyimbo zakalekale, ndipo agogo ake, a Jake Owens, anali mbusa wa mpingo wa chipentekosite, komwe Dolly anayamba kuimba ali ndi zaka 6.

Amene anthu amamuiwala ndi malume wake, Bill Owens. Dolly analandira gitala yeniyeni yoyamba ali ndi zaka 8 (asanatero ankangokhwatcha yopanga pakhomo). Malumeyo ndiye ankayenda naye uku ndi uku kumufunira mpata, mpaka ali ndi zaka 10 anayamba kumveka pa pulogalamu ya Cas Walker ku Knoxville, pa wailesi ndi pa kanema pomwe. Mu 1959 anajambula "Puppy Love" ku kampani yaing'ono ya Goldband ku Louisiana, n'kukaimbanso ku Grand Ole Opry, chionetsero chotchuka cha nyimbo za country ku Nashville, komwe anamuitanira kutsogolo ndi woimba wotchuka Johnny Cash. Mwana wa zaka 13 ameneyo!

Atamaliza sekondale mu 1964, m'mawa mwake anakwera basi ya ku Nashville. Kumeneko sanalandiridwe ndi manja awiri. Kampani yojambula nyimbo ya Monument inkati mawu ake ang'onoang'onowo ngoyenera nyimbo za pop, ndipo dzina lake linayamba kudziwika chifukwa cholembera ena nyimbo. Imene analemba ndi malume wake uja, "Put It Off Until Tomorrow", inatchuka mu 1966 poimbidwa ndi Bill Phillips. Chaka chotsatira woimba wa country Porter Wagoner anamutenga Dolly pa pulogalamu yake ya pa kanema kuti alowe m'malo mwa woimba wina, Norma Jean, ndipo masiku oyamba oonerera ankamukuwiza kuti akufuna Norma Jean wawo yemweyo.

Nyimbo mukukanganirayo inatuluka mu 1971. Mawu ake anawalemba ali pa ulendo wokaimba ndi Wagoner, kuseri kwa lisiti ya kochapitsa zovala, pepala litasowa.