Zipinda zitatu zogona pa puloti yaing'ono

FUNSO: Ndagula puloti yaing'ono ndipo ndikufuna nyumba yosasanja ya zipinda zitatu zogona. Pulani imene andijambulira ndi ya mamita 14 m'litali ndi 10 m'lifupi, koma thumba langa silingakwanitse. Ndichepetse pati kuti tisamapanikizane m'nyumba? — Mayi wa ku Chinsapo, Lilongwe

YANKHO: Mayi, musanakhudze zipinda zogona, yambani mwayang'ana kolido, chifukwa malo ambiri amathera pamenepo. Kolido ya mita 1 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali imadya masikweya mita 6, malo okwanira bafa ndi chimbudzi, chonsecho palibe amene amakhalamo. Uzani wojambulayo aifupikitse ifike mamita 2.5, zitseko za kuchipinda ndi cha kubafa zikumane pamenepo.

Mamita 11 m'litali ndi 8 m'lifupi akukwanirani. Chipinda chanu chikhale cha mamita 3.6 ndi 3.3, ziwiri za ana mamita 3 ndi 3, khitchini 3 ndi 2.4. Pabalaza ndi podyera pasakhale khoma. Chipinda chimodzi cha mamita 6 ndi 4 chimalandira alendo ambiri kuposa tiwiri topanikiza. Makoma ogawa zipinda akhale a njerwa imodzi yogona m'litali, masentimita pafupifupi 12; a masentimita 23 asiyireni kunja ndi pamakoma onyamula denga.

Zitseko anthu ambiri saziganizira. Chitseko chikaikidwa pakati pa khoma, bedi ndi wodilopu zimasowa potsamira. Chikhale pakona, masentimita 10 kuchokera pakhoma, ndipo chikatseguka chizigona kukhomako. Wodilopu imafuna masentimita 60 kulowa m'kati, choncho ijambulidwiretu pa pulani.

Khitchini, bafa ndi chimbudzi zigundane mbali imodzi kuti mapaipi akhale aafupi, osadutsa pansi pa balaza. Akatsekeka simudzaswa simenti ya m'nyumba. Ngati banja ndi lalikulu, chimbudzi chikhale ndi chitseko chakechake, mita 0.9 ndi 1.5 basi, kuti m'mawa ana a sukulu asamadikirirane.

Nyumbayo ikhale ya ngodya zinayi. Ngodya iliyonse yowonjezera ndi njerwa zina, maziko ena ndi malata odula, ndipo pokumana madenga awiri ndi pamene kawirikawiri pamayambira kudontha. Mazenera aakulu ayang'ane kumpoto ndi kumwera, chifukwa dzuwa la masana la mu Okutobala limawotcha chipinda choyang'ana kumadzulo mpaka usiku.

Chokhacho chimene musachotse ndi sitolo yosungiramo katundu ya mamita 1.2 ndi 1.5 pamodzi ndi kakhonde kakuseri kophikirapo pa mbaula. Zikasowa, matumba a chimanga ndi makala amakathera kuchipinda cha ana. Pulani yatsopanoyo ipite kukhonsolo ya mzinda ikavomerezedwe musanakumbe maziko.