Ndalama ndi zochepa: ndiyambe kugula chiyani pomanga kompyuta ya magemu?

Funso: Amisiri, ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndimange kompyuta yoseweretsa magemu. Ndimakonda EA Sports FC ndi GTA V, nthawi zina Fortnite. Mnzanga wandilembera zoti ndigule: Core i7, RAM ya 32GB, kesi ya galasi yokhala ndi tinyali, ndipo akuti ndalama yotsalayo ndigulire graphics card iliyonse yomwe ndipeze. Monita yanga ndi ya 1080p. Kodi zili bwino? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo wayambira kumchira. Chilichonse chomwe mumaona pa monita mukamasewera, udzu wa m'bwalo, mithunzi, magalimoto a mu Los Santos (mzinda wa mu GTA V), chimajambulidwa ndi graphics card. Ndalama yaikulu ipite kumeneko, zinazo zigawane yotsala.

Pa monita ya 1080p, ine ndimaloza Radeon RX 6600. Inatuluka mu 2021, ili ndi memory ya 8GB, imadya magetsi okwana 132W basi ndipo imafuna waya mmodzi wa 8-pin. Magemu atatu mwatchulawo imawakoka bwinobwino. Mukaipeza RTX 3060 ya 12GB pamtengo woyandikana nawo, tengani imeneyo. Thumba likakana, GTX 1660 Super ya 6GB yogwiritsidwapo kale ikadali ndi mphamvu.

Samalani ndi ma GB omwe ogulitsa amakuwa nawo. GT 730 ina imalembedwa 4GB pabokosi, koma ndi khadi yongoonetsera Word ndi mavidiyo. Pa gemu imagwada. Mphamvu ya khadi ili mu chip yake, osati mu kuchuluka kwa memory kokha. Msampha wina ndi RX 580 za 8GB zomwe zadzaza pamsika. Chichokereni September 2022, pomwe Ethereum, ndalama ya pa intaneti, inasiya kukumbidwa ndi ma graphics card, makadi ambiri omwe anagwira ntchito usana ndi usiku anatayidwa pamsika wa kaunjika. Ena mwa iwo ndi RX 580 2048SP, yomwe mphamvu yake ndi ya RX 570 ngakhale dzina likunamiza. Musapereke ndalama musanaiyese. Wogulitsayo ailumikize pamaso panu, mutsegule pulogalamu yoonetsa za mkati mwa khadi ya GPU-Z muone ngati dzina ndi manambala zikugwirizana, kenako muyendetse FurMark, pulogalamu yoyesa khadi poigwiritsa ntchito yolemetsa, kwa mphindi 15 kapena 20. Yang'anani ngati mafani onse akuzungulira popanda kukhwekhwereza, ndipo pa monita pasaoneke timadontho tobiriwira kapena mizere. Itembenuzeninso muone zomangira zinayi za kumbuyo kwa chip: mitu yake ikakhala yokalikakalika, dziwani kuti inatsegulidwapo, ndiye mufunse chifukwa chake. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikani.

Tsopano za pulosesa ya i7 ija. Dzinali palokha silinena kanthu ngati simunaone nambala yotsatira. Core i7-3770 ndi ya mu 2012, ndipo Core i3-12100F ya mu 2022 imaisiya kutali pa magemu. Komanso Windows 11 imalandira mapulosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Chomwe ndimakonda pa ndalama zochepa ndi Ryzen 5 5600: ma core 6, imabwera ndi fani yake m'bokosi, ndipo imakhala pa soketi ya AM4 yomwe ilipo kuyambira 2016, kotero mabodi ake (motherboard, pomwe zida zonse zimalumikizidwa) ndi osavuta kupeza. Bodi ya B550 ndi yabwino, B450 ndi yotchipirapo, koma ya B450 mufunse kaye ngati BIOS yake, pulogalamu ya mkati mwa bodi, inakwezedwa kuti izindikire Ryzen 5000, apo ayi mudzayatsa mafani n'kumazungulira koma monita ili bii. Ku Intel, mnzake wa 5600 ndi i5-12400F. Chilembo F chikutanthauza kuti ilibe graphics ya mkati, ndipo 5600 nayonso ilibe. Waya wa monita muulowetse pa khadi, osati pa bodi.

RAM ya 32GB simukuifuna pano. Gulani 16GB ya DDR4-3200, koma zikhale ziwiri za 8GB, osati imodzi ya 16GB, kuti ziziyenda njira ziwiri nthawi imodzi. Pa bodi ya mipata inayi, kawirikawiri zimalowa mumpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku pulosesa. Mukatero lowani mu BIOS muyatse XMP, yomwe imayendetsa RAM pa liwiro lake lonse (mabodi ena amalemba DOCP), chifukwa popanda kutero kawirikawiri RAM ya 3200 imayenda pa 2133 kapena 2400.

Kesi ya galasi ndi tinyali sizionjezera liwiro ngakhale pang'ono. Pezani kesi yokhala ndi timabowo kutsogolo ndi kasefa kotchinga fumbi. Kutentha kwa mu October ndi fumbi la chilimwe ndi zomwe zimafooketsa makina kwathu kuno.

Funso: Ndapeza kesi yotchipa yobwera ndi power supply yake yolembedwa 500W. Sindingapulumutse ndalama pamenepa?

Yankho: Ayi, ndipo apa ndiye ndiumirire. Power supply, yomwe imagawira zida zonse magetsi, ndi chinthu chomwe chikafa chimatha kutenga anzake: bodi, SSD, khadi yomwe mwaivutikira miyezi. Kuika khadi yabwino pa power supply ya mtunduwu kuli ngati kufolera nyumba ndi malata atsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe.

Inyamuleni kaye m'manja. Zambiri zobwera ndi makesi otchipa zimapepuka modabwitsa, chifukwa mkatimo zitsulo zoziziritsira ndi zazing'ono. Kenako werengani kapepala ka m'mbali, pezani mzere wa +12V, chifukwa pulosesa ndi khadi zonse zimamwa pamenepo. Mukaona palembedwa 18A, chulukitsani ndi 12: mupeza 216W. Ndiyo mphamvu yake yeniyeni, 500W ija ndi yokopera ogula. Power supply yabwino ya 550W imapereka pafupifupi mphamvu yake yonse pa 12V. Yang'anani yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, yochokera ku makampani odziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, ndipo imeneyi yokha ndimati igulidwe yatsopano ngati kungatheke.

Ikakhala ilibe waya wa 8-pin, ena amakugulitsani ka adaputa kochokera pa waya wa SATA, womwe umapereka magetsi ku hard disk. Musayerekeze. Pulagi ya SATA inapangidwira mphamvu yosaposa 54W pa 12V, pomwe 8-pin imaloledwa kukoka 150W. Pulasitiki imasungunuka, ndipo fungo lake mukalimva nthawi yatha kale.

Poti magetsi amathimathima, muikenso pa bajeti UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima. Choopsa si kuthima kokha ayi, komanso mmene amabwerera mwamphamvu. Dziwani kuti VA si W: UPS yolembedwa 650VA kawirikawiri imanyamula pafupifupi 360W, pomwe makina a 5600 ndi RX 6600 pamodzi ndi monita amatha kuyandikira 300W gemu ikafika potentha. Ya 1000VA ikupatsani mpata wosunga gemu n'kuzimitsa bwinobwino. Ngati kunyumba muli ndi inveta ya sola, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave, popeza ma power supply amakono ena amalira kapena kuzima okha pa inveta zotchipa zija.

Funso: Nanga ndikagula Dell OptiPlex ya ex-UK n'kungoikamo khadi?

Yankho: Zimatheka, ndipo ndi njira yotchipa kwambiri, koma ili ndi malire. Makina a mu ofesi ang'onoang'ono aja ali ndi power supply yochepa mphamvu, nthawi zambiri yosafika 250W, yopanda waya wa khadi, ndipo mapulagi ake ndi a Dell yekha, simungangosintha ndi ina. Muyenera khadi yaifupi, ya low profile, yomwe imadya kuchokera pa bodi pokha: GTX 1650, RTX 3050 ya 6GB kapena RX 6400. RX 6400 imatsika liwiro pa mabodi akale a PCIe 3.0, choncho ziwiri zoyambazo ndi zabwinopo. Pulosesa isachepere i5-8500. Vuto lake ndi loti mukafuna kukweza chaka chamawa, mudzayambiranso pachiyambi.

Ngati ndalama ya khadi sinakwane, pali njira ina yomwe sitsekereza kutsogolo: Ryzen 5 5600G, yokhala ndi graphics ya mkati. Muzisewera eFootball ndi Fortnite mutatsitsa zokongoletsa, khadi n'kudzaigula mukapeza. Apa RAM ziwiri zija ndi zofunika koposa, chifukwa graphics ya mkati imabwereka memory ku RAM yomweyo.

Funso: SSD ya 256GB ikwana?

Yankho: Siikwana. GTA V yokha imatenga malo pafupifupi 100GB, EA Sports FC nayonso imafuna malo otero, Windows isanatenge gawo lake. Yambirani pa SSD ya mtundu wa NVMe ya 500GB, ndipo 1TB ikakhala pafupi mtengo tengani imeneyo. Hard disk yakale muisunge ya mafilimu ndi zithunzi. Kumbukiraninso bandulo: kukoka 100GB pa intaneti ya pafoni ndi ndalama ina payokha. Ngati mnzanu ali ndi gemu yomweyo pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mafayilo ake mutha kukopera pa hard disk n'kuwaika pa makina anu, Steam n'kungowatsimikizira, bola gemuyo mukhale mutaigula pa akaunti yanu.