Alamu akuti ndi MCP, bambo akuti ndi DPP: nanga sopo ndimugulitse bwanji?

Mayi wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre walemba motere: "Ndili ndi golosale yomwe tinayambitsa ndi alamu anga mu 2019. Iwo anaikamo ndalama, ine ndiye ndimakhala pakauntala. Mpamba ukungosungunuka. Katoni ya sopo ndinaoda pa K38,000, nditagulitsa yonse ndinapeza K44,000, koma kubwerera ku Limbe ndinapeza yafika pa K47,000. Alamu akuti boma la a Chakwera ndi lomwe linapha dziko pogwetsa kwacha, ndiye poti a Mutharika abwereranso tisakweze mitengo, zinthu zitsika posachedwa. Amuna anga akuti ngongole zinayamba ndi a DPP omwewo, komanso namondwe Freddy ndi nkhondo ya ku Ukraine sizinabwere ndi MCP. Madzulo alionse ndi mkangano pakhonde. Zoona n'ziti? Ndidikire kapena ndikweze?"

Mayi, kwezani, ndipo mukweze sabata ino. Chifukwa chake ndinena kumapetoku, koma tiyambe ndi mlandu wa pakhondewo, poti ndi umene ukumanga manja anu.

Alamu anu akukumbukira tsiku lomwe kwacha inagwa. Akunena zoona kuti zinachitika m'manja mwa a Chakwera, ndipo kawiri konse: mu Meyi 2022 Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700. Koma afunseni za Meyi 2012. Mwezi umenewo mayi Joyce Banda, atangokhala pampando mwezi umodzi, anagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, anthu n'kuwanena kuti agulitsa dziko kwa a IMF, bungwe lapadziko lonse lokongoza maiko ndalama. Chikhalirecho kwacha ija inali itafa kale m'nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, amene anakaniratu kuigwetsa. Ine chaka cha 2011 ndinagonapo m'galimoto pamzere wa mafuta, zigubu zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, mayi wina akutigulitsa tiyi ndi mandasi kum'bandakucha. Mu 2024 ndinagonanso pamzere wotero, ndipo chomwe chinasintha ndi mtundu wa nsalu ya chipani cholamula basi.

Mmene zimakhalira n'chonchi. Dziko lathu limagula kunja katundu wa ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuposa zomwe limapeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi nyemba. Madola ndi ochepa. Boma likalamula kuti dola izigulidwa motchipa kuposa mmene ikusowera, madolawo amathawa m'mabanki n'kukapezeka kwa anyamata a mumsewu pa mtengo wowirikiza. Mwini holoselo ya ku Limbe akafuna kuitanitsa katundu, kubanki amamuuza kuti adikire, iye n'kukagula dola kumsika wakuda, ndipo mtengo umenewo ndi umene amauika pa katoni yanu ya sopo. Choncho tsiku lomwe boma lalengeza kuti kwacha yagwa, kumakhala kungovomereza maliro omwe anthu analira kale. Wolengezayo ndiye amatukwanidwa, pomwe amene anaumirira mtengo wabodza kwa zaka amakumbukiridwa ngati munthu wachifundo.

Amuna anu nawonso sakunama. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima kwa chaka ndi miyezi. Mwezi wotsatira nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza feteleza ndi mafuta padziko lonse. Mu Malichi 2023 Freddy anakokolola midzi, minda ndi milatho m'chigawo chakummwera, inu a ku Blantyre simufuna wokuuzani zomwe zinachitika ku Chilobwe. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chimanga chikakwera, chilichonse m'Malawi chimakwera nacho. Za ngongole nazo n'zoona kuti zina zodula, monga za ku banki ya maiko a mu Africa ya Afreximbank, zinayamba kutengedwa MCP isanalowe m'boma mu 2020. Ndipo dzenje lalikulu linakumbidwa mu 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika ku Capital Hill: maiko otithandiza anasiya kuika ndalama mwachindunji m'bajeti yathu, pomwe ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajetiyo. Kuyambira pamenepo boma lililonse lakhala likutseka dzenjelo pokongola m'mabanki a m'dziko momwe muno.

Koma ine sindingawamasule a MCP ndi mawu akuti kunali namondwe. Munthu mvula ikakugwetsera khoma, suyamba kumanga khitchini yatsopano pangongole. Boma lija linapitiriza kugwiritsa ntchito ndalama zoposa zomwe MRA inkatolera, linakongola kwambiri kunyumba konkuno, ndipo pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP inalonjeza thumba la feteleza pa K4,495 pomwe fetelezayo amagulidwa ndi madola omwe tinalibe. Litagwetsa kwacha mu 2023 linagwirizana ndi IMF za ngongole ya madola 175 miliyoni, koma linangolandirapo gawo loyamba, mgwirizanowo n'kufera m'mazira mu Meyi 2025. Kenako linabwereza zomwe anachita Bingu: kuimika dola cha m'ma K1,750 kubanki pomwe mumsewu inkagulidwa kuwirikiza kawiri, nthawi zina kuposa pamenepo. Amayi a kaunjika omwe anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kumayambiriro kwa 2025, akulira kuti belo yakwera mosaneneka, ankalirira zimenezi. Pachisankho cha pa 16 Seputembala 2025 anthu anapereka chigamulo chawo.

Ngongole ya boma imakukhudzani inu mwachindunji, ngakhale simunasainepo. Banki ikamaona kuti boma likukongola pa chiwongoladzanja chokwera ndipo silingathawe, ivutikirenji ndi mayi wa golosale wa ku Chirimba? N'chifukwa chake mukapita kukapempha ngongole ya bizinesi amakuuzani chiwongoladzanja chokwera (mu 2025 chinkaposa 25 peresenti pachaka), kuonjezapo chikole.

Tsopano mawu a alamu anu akuti zinthu zitsika. Chimanga chimatsika ndithu nthawi yokolola, ndipo chikhoza kutsika boma likaitanitsa china kunja. Koma sopo, mafuta ophikira, mchere ndi machesi, zomwe zipangizo zake kapena mayendedwe ake amadalira dola ndi dizilo, sizibwerera m'mbuyo chifukwa choti ku Kamuzu Palace kwalowa munthu wina. Mu Okutobala 2025, chisankho chitangotha, petulo anakwera kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499 pa lita. Akatswiri akamati kukwera kwa mitengo kwatsika, sakunena kuti katoni ibwerera pa K38,000, akunena kuti m'malo mokwera ndi K9,000 mwina ikwera ndi K5,000.

Tiyeni tione katoni yanu ija. Mukuganiza kuti munapindula K6,000. Simunapindule. Munali ndi katoni yathunthu, lero ndalama zomwe muli nazo sizikukwana katoni, mukupereweza K3,000, osawerengera minibasi ya ku Limbe ndi mnyamata wonyamula. Mukachita zimenezi kasanu, mashelefu amayamba kuoneka matabwa. Mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo womwe mukaodere mawa, osati womwe munaodera mwezi watha. Khalani ndi nambala za foni za anyamata a m'maholoselo awiri kapena atatu, Lolemba lililonse muziwafunsa mitengo musanatsegule chitseko. Ngati katoni ili pa K47,000 ndipo muli sopo 48, ndiye kuti mmodzi wakudyerani pafupifupi K980 asanakwere n'komwe minibasi. Phindu lanu liyambire pamenepo, ngakhale pa sopo wakale amene ali kale pashelefu. Makasitomala adzadandaula masiku awiri. Kukweza pang'onopang'ono kawirikawiri kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kudumpha kamodzi patatha miyezi itatu.

Ndalama zisagone m'kabati. Zikakwana katoni, kaodeni, makamaka katundu woyenda msanga komanso wosaonongeka. Anthu matumba awo apepuka, ndiye tsatirani matumbawo: shuga wa m'timapepala, mafuta a m'timachubu, ufa wa walkman. Kabuku ka ngongole kaja kachepetseni. Munthu amene watenga sopo lero n'kudzalipira pakatha miyezi iwiri wakubwezerani sopo wosakwana, ngakhale ali mnzanu wa kumpingo. Katapila musamuyandikire n'komwe. Ngati muli m'banki m'khonde, kongolani zokhazo zomwe katundu wake atha ndi kubweza ndalama mwezi usanathe.

Kwa alamu anu, musapite ndi nkhani ya zipani, simudzawina. Atengereni m'golosalemo Loweruka mutatseka, muwerenge limodzi katundu yense. Muwauze kuti mu 2019 ndalama zawo zinagula makatoni angati a sopo, mabelo angati a shuga, zigubu zingati za mafuta, ndipo lero zatsala zingati. Mpamba wanu muziuwerenga m'makatoni, osati m'makwacha. Mugwirizanenso polemba kuti inu muzilandira kangachepe pamwezi ngati malipiro a pakauntala, kuti ndiwo za kunyumba zisamachokere m'kabati ya bizinesi, ndipo phindu lizigawidwa pokhapokha chiwerengero cha makatoni chabwerera pomwe chinali. Akaumirirabe kuti mudikire boma, apempheni kuti K3,000 yoperewera pa katoni iliyonse aziionjezera iwo kuchokera m'thumba mwawo mpaka tsiku lomwe mitengo idzatsike.