Beowulf, chinjoka ndi chigayo cha bambo anga

Achemwali ena amene akuphunzira mabuku akale a Chingerezi andilembera imelo. Akufunsa ngati Beowulf anali mtsogoleri wabwino, kapena anataya anthu ake popita kukalimbana ndi chinjoka yekha atakalamba. Akuti nkhani yawo ikufunika sabata yamawa.

Achemwali, imelo yanu ndakhala nayo masiku atatu osayankha, chifukwa nditangoiwerenga ndinaona bambo anga.

Bambo anali ndi chigayo cha dizilo kwathu ku Ntcheu, ndipo anachiyendetsa zaka 22. Lamba akaduka ankalumikiza okha. Sefa ikabooka ankasintha okha, usiku, ndi nyali. Ife ana awo anayi ntchito yathu inali kuyeza chimanga ndi kulandira ndalama basi. Tsiku lina ndili ndi zaka 16 ndinatola sipanala injini itazima, iwo n'kundilanda mofatsa, amvekere, "Iwe pita ukawerenge, izi n'zanga." Sanali ouma mtima ayi. Chaka cha njala ankagayira amayi amasiye ulere, ndipo pamaliro awo anthu anadzaza mpaka kumsewu. Koma patangotha miyezi iwiri injini inagogoda, ndipo pa ana anayi tonsefe panalibe wodziwa pogwira. Amakaniko awiri anadya ndalama za amayi osakonza kanthu. Chigayocho tinagulitsa ngati zitsulo. Ndimawakondabe bambo anga, komanso ndinawakwiyira zaka zambiri, ndipo ziwirizi zimakhala mumtima umodzi.

Ndakatulo ya Beowulf inandipeza ndili choncho. Ili ndi mizere 3,182, inalembedwa m'Chingerezi chakale, koma nkhani yake imachitikira ku Denmark ndi kumwera kwa Sweden. Inatsala m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja cha m'ma 1000, lomwe linawauka m'mphepete pa moto wa mu 1731, ndipo lero likusungidwa ku British Library ku London. Nthawi zina ndimaganiza kuti motowo ukanapitirira pang'ono, funso lanuli silikanakhalapo.

Beowulf wachinyamata ndilibe naye mlandu. Chilombo Grendel chitavutitsa mfumu Hrothgar zaka 12, kudya anthu m'nyumba yake yamadyerero ya Heorot, mnyamatayu anawoloka nyanja kukathandiza. Taonani mmene amadzitchulira mlonda wa pagombe atamufunsa: amanena mtundu wake, mbuye wake Hygelac, ndi bambo ake Ecgtheow, dzina lake osalitchula kaye. Kumeneko munthu ankadziwika ndi eni ake. Ndipo ulendowu sunali wongofuna kutchuka, chifukwa Hrothgar ndi amene kale analipira mlandu wa magazi wa Ecgtheow. Panali ngongole. Chinanso chimene ophunzira ambiri amachidumpha koma ife Achewa sitingachiphonye: Hygelac anali malume ake, mlongo wa amayi ake. Ndiye Hygelac atafera kunkhondo ku Frisia, mkazi wake Hygd n'kumupatsa Beowulf ufumu, iye anakana, n'kumasamalira mwana wa malume akeyo, Heardred, mpaka naye ataphedwa. Munthu wosusukira mpando sachita zimenezo.

Vuto limabwera atalamulira zaka 50. Kapolo wina waba chikho pa chuma chimene chinjoka chinkalondera, chinjoka chayamba kutentha midzi, mpaka nyumba ya mfumu yapsa. Apa ambiri amati akanangotuma anyamata. Ine sindivomera. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mfumu yobisala midzi ikupsa ikanatha ulemu tsiku lomwelo. Kupita anayenera kupita. Koma ndakatulo imanena poyera kuti ananyoza zopita ndi gulu lalikulu lankhondo. Anasulitsa chishango chachitsulo, anatenga amuna 11, ndipo atafika anawauza kuti adikire pachulu chifukwa nkhondoyi si yawo, ndi yake yekha. Ndikawerenga pamenepa ndimamva sipanala ija ikuchoka m'manja mwanga.

Moto utakula, khumi anathawira kuthengo. Anatsala Wiglaf yekha, mnyamata amene inali nkhondo yake yoyamba kumenya pambali pa mbuye wake. Timawanyoza khumi aja, ndipo Wiglaf amawadzudzula koopsa powakumbutsa mphete ndi zida zimene analandira. M'dziko limenelo mfumu inkapereka golide, ankhondo n'kubweza ndi moyo wawo, ndiye kuthawa kwawo kunali kuswa pangano. Sindikuwaikira kumbuyo. Koma ndimafunsa: amuna osankhidwa ndi mfumu yomwe, atakhala pansi pake zaka zonsezo, anafika bwanji pokhala anthu ongoonerera? Pamene ndinayamba kulemba yankholi ndinkafuna kunena kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Ndafika apa ndasintha. Ndikumuimba mlandu. Zaka 50 n'zokwanira kulera anthu oima paokha, ndipo Beowulf anamwalira alibe mwana, atasiya mtundu umene chitetezo chake chonse chinali dzina la munthu mmodzi. Wiglaf mwiniyo, amene ankamukonda koposa onse, amanena kuti kawirikawiri ambiri amavutika chifukwa cha chifuniro cha mmodzi. Mthenga wolengeza imfayo akulosera kuti adani awo, Afranki, Afrisiya ndi Aswidi, abwera ndi nkhondo akangomva. Chuma chimene anafera chikukwiriridwa naye mumtumbira, chopanda ntchito monga chinalili kale.

Si Beowulf yekha. Ndakatulo ina yofotokoza nkhondo ya ku Maldon, ku Essex, mu 991, imasimba za Byrhtnoth, mtsogoleri wa ankhondo a Angerezi, amene analola ma Viking, adani obwera pangalawa kuchokera kumpoto, kuwoloka mtsinje kuti amenyane pamtunda. Iye anaphedwa, ena anathawa, okhulupirika anafera pambali pa mtembo wake, ndipo chaka chomwecho Angerezi analipira adaniwo siliva wa mapaundi 10,000. Wolemba anagwiritsa ntchito mawu oti ofermod, ndipo akatswiri akhala akukangana ngati akutanthauza kudzikuza kapena kulimba mtima kopitirira. Anthu amenewa ankaimba za ngwazi zawo uku akuona bwino mabwinja amene ngwazizo zinkasiya.

Za nkhani yanuyo

Musayankhe kuti inde kapena ayi. Yerekezani malangizo a Hrothgar, pamene akuchenjeza Beowulf za kunyada pomupatsa chitsanzo cha mfumu yoipa Heremod, ndi zimene Beowulf akuuza anthu ake pachulu paja. Kenako tengani mawu a Wiglaf pamaliro, ndi liwu lomaliza la ndakatulo yonse, lofgeornost, kutanthauza wofunitsitsa kutamandidwa kuposa onse. Likubwera pambuyo pomutchula kuti wofatsa ndi wokoma mtima kwa anthu ake, choncho muziwerengere pamodzi. Mukamaliza nditumizireni ndiione.