Kwa achemwali amene akufuna filimu ya galasi ija

Achemwali, uthenga wanu ndinauona m'mawa ndili pa kabaza, ndiye ndinati ndiyambe ndaweruka kuti ndikuyankheni mofatsa. Kwa amene simunauone poti wakwiririka ndi mikangano ya mpira ija: mnzathuyu akuti alongo awo akubwera kuno ku Zomba kudzakhala sabata yathunthu. Awiriwa anasiyana ali ana makolo atamwalira, mnyamata anatengedwa ndi amalume kupita ku Mzuzu, iwo anatsala ndi agogo. Onse amakonda mafilimu oopsa. Wina anawatchulira filimu ya mtsikana ndi mlongo wake amene analekanitsidwa ali aang'ono chifukwa cha galasi la mizimu, koma dzina aliiwala. Akufunsa kuti ndi iti, ngati ili yabwino, ndiponso ngati ana awo awiri a ku pulayimale angakhale nawo pa mkeka.

Dzina lake ndi Oculus. Ndi yabwino, ioneni. Ana ayi. Ndipo ndikanakhala inu sindikanaiika tsiku limene alongo anu atsike basi, ndikanadikira mpaka tsiku lachitatu kapena lachinayi. Chifukwa chake ndinena kumunsiku.

Anaikonza ndi Mike Flanagan wa ku America. Inaonetsedwa koyamba mu September 2013 pa chionetsero cha mafilimu cha ku Toronto, ndipo anthu wamba anayamba kuionera mu April 2014. Inadya ndalama zochepa malinga ndi mafilimu a kumeneko, pafupifupi madola 5 miliyoni, n'kubweza zoposa madola 40 miliyoni. Kuchepa kwa ndalamako mudzakuona, chifukwa pafupifupi zonse zikuchitikira m'nyumba imodzi, koma kumeneko n'kumene kunaithandiza. Inu anyamata okonda resiling'i, mukaona chizindikiro cha WWE Studios koyambirira musasangalale msanga, mulibe womenyetsa mnzake pansi.

Nkhani yake ili chonchi. Banja lina lasamukira m'nyumba yatsopano, bambo, mayi ndi ana awiri, Kaylie wa zaka 12 ndi Tim wa zaka 10. Bamboyo amagwirira ntchito ya makompyuta pakhomo pomwepo, ndiye wagula galasi lalikulu lakalekale, la felemu yakuda yosema, n'kulipachika mu ofesi yake. Patangopita masabata, maluwa a m'miphika ayamba kufota, galu wasowa, bambo akungodzitsekera mu ofesimo kumalankhula ndi munthu amene ena sakumuona, mayi asokonezeka mutu mpaka kumangidwa ndi tcheni kuchipinda. Mapeto ake makolo onse awiri afa usiku umodzi, mfuti yapezeka m'manja mwa Tim. Sindikukuululirani kanthu apa, zimenezi filimu imazinena yokha koyambirira. Tim amutengera ku chipatala cha odwala matenda a maganizo, Kaylie akaleredwa ndi anthu ena. Asanasiyane alonjezana kuti akadzakula adzaliphwanya galasilo.

Papita zaka 11. Tim watulutsidwa atakwanitsa zaka 21, madokotala akhutira kuti wachira. Kaylie akugwira ntchito pa kampani yogulitsa katundu wakale pa okushoni, ndipo zaka zonsezi sanagone: walitsata galasilo mpaka walipeza, wafufuza mbiri ya eni ake onse akale ndi mmene aliyense anafera. Mlongo wake asanapume n'komwe, wamukokera ku nyumba yakale ija. Mmenemo waikamo makamera, zoyezera kutentha, maluwa m'chipinda chilichonse, mawotchi olira omukumbutsa kudya ndi kumwa madzi, ndipo kudenga wamangirira nangula wa boti wolunjika pa galasi, woti akapanda kubweza wotchi yake nthawi ikakwana, agwe okha n'kuliswa. Chibwenzi chake wachiuza kuti chiziimba foni ola lililonse. Mtsikanayu si wa m'mafilimu aja amene amamva phokoso kunja n'kutuluka yekha atanyamula kandulo. Wakonzekera kuposa mmene ine ndi inu tingakonzekerere, ndiye zikayamba kumulaka, mantha ako woonera amakhala akuti nanga ine ndikanatani.

Koma chimene ndikukuuzirani kuti muionere si mizukwa. Mizukwa ilimo, ya maso owala ngati magalasi, ndipo mkazi wina amene amaima kumbuyo kwa bamboyo adzakutsalani m'maso masiku angapo. Mtima wa filimuyi uli pa mkangano wa awiriwa. Anali m'nyumba imodzi, anaona usiku umodzi womwewo, koma akukumbukira zosiyana. Kaylie akuti galu anamezedwa ndi galasi atatsekeredwa mu ofesi. Tim akuti ayi, galu anadwala ndipo bambo anapita naye kwa dokotala wa ziweto. Kaylie akuti anaona mzukwa wa mkazi mu ofesi. Tim akuti bambo athu anali ndi chibwenzi, iwe unali mwana, sunafune kuvomera. Maluwa? Madzi anali oipa. Tim zaka 11 zonsezo ankaphunzitsidwa kuti mutu wa munthu umasoka zigamba pamene wakumbukira moperewera, ndipo akamafotokoza umapezeka ukugwedeza mutu kuti mnyamatayu akunena zoona. Kenako Kaylie akalankhula umabwereranso kwa iye. Theka loyamba lonse umangokhala ngati nkhoswe yosadziwa kogamula.

Pano ndipatukeko pang'ono, poti ndife a ku Zomba. Munthu akangolankhula zosamveka kulikonse m'Malawi muno amati ameneyu ngofunika ku Zomba, ndipo ife tinazolowera kuseka nawo. Chipatala chathu cha odwala matenda a maganizochi n'chakale, chinatsegulidwa mu 1953, ndipo chisanamangidwe odwala otere ankasungidwa mbali ina ya ndende yaikulu ija kuyambira mu 1910. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero ambiri tikamva za munthu wochokera ku mentolo timaganiza za unyolo ndi kugenda. Mu filimuyi wochokera ku chipatala ndi amene ali wodekha, woganiza mwadongosolo, wochonderera mlongo wake kuti tiyeni tizipita tisiye zimenezi. Amene anakulira kunja, wa ntchito yabwino ndi chibwenzi chake, ndi amene akuoneka ngati zamuzungulira. Ndinaikonda pamenepo.

Chinanso chimene chingakugwireni inu okulira kuno ndi galasi lenilenilo. Ambiri tinakula tikuona agogo akuphimba kalilole ndi chitenje mvula ya mphenzi ikayamba. Kwa asing'anga ena kagalasi ndi kamene amaoneramo wakuchita chipongwe, ndipo zimenezi si za lero: a Mchape a m'zaka za m'ma 1930, amene anayambira cha ku Mulanje n'kufika mpaka ku maiko oyandikana nafe, ankandandika mudzi wonse pa mzere n'kumayang'ana anthu pa kagalasi kuti aone mfiti. Kwathu kuno galasi timaliopa chifukwa timati limaulula zobisika. La mu filimuyi limanama. Siliyenda, siliuluka, silitulutsa dzanja. Limangokuonetsa chimene palibe n'kukubisira chimene chilipo, iwe wekha n'kudzivulaza kapena kuvulaza wako. Pali pena pamene Kaylie akusintha mababu oyaka moperewera uku akudya apozi, waika babu pafupi ndi apoziyo, kenako watola chimodzi osayang'ana n'kuluma. Sindinena zambiri. Mlamu wanga amene amadzitama kuti saopa kanthu anatuluka panja pamenepo ati akukaona ngati geti ili yotseka.

Musayembekezere za mafilimu a ku Nigeria tinazolowera aja, oti kumapeto abusa afika ndi Baibulo, moto watsika, mfiti yagwa n'kuulula. Muno mulibe abusa, mulibe sing'anga, mulibe wamkulu aliyense wobwera kudzapulumutsa. Ana aja akaimba foni kufuna thandizo, amayankhidwa ndi liwu limodzi lomwelo. Akaitana woyandikana nawo nyumba, bambo amamulandira pakhomo mwaulemu n'kumubweza.

N'chifukwa chake ndikukana za ana anu. Ku America anaipatsa chilembo R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 saloledwa kuionera popanda kholo, koma ine chilembocho si chimene ndikuyang'ana. Magazi alimo koma si ochuluka ngati m'mafilimu a zikwanje amene ana amaonera mozemba ku vidiyo sho za ku Chinamwali. Vuto ndi lakuti choopsa cha m'nyumba imeneyi ndi mayi ndi bambo. Mwana wa Sitandade 3 akaona chilombo cha mano aatali amathamangira kwa amake n'kugona. Akaona mayi akuthamangitsa mwana wake m'khonde kufuna kumukanyanga pakhosi, athamangira kwa ndani? Agoneni kaye, ndipo mutsitse voliyumu, chifukwa nyumba zathu zopanda siling'izi mawu amadumpha khoma.

Zofooka zake ndisakubisireni. Imayamba mozizira, mphindi zambiri ndi zolankhula, ndipo pamene Kaylie akuwerengera kamera mayina a amene anafa ndi galasili amathamanga ngati wolengeza uthenga wa maliro pa wailesi. Cha kumapeto zakale ndi zatsopano zimalowana, Kaylie wamkulu akutsika masitepe pomwe Kaylie wamng'ono akukwera, mpaka sudziwanso kuti uli chaka chiti. Flanagan analumikiza yekha zithunzizo ndipo anachita dala kuti nawenso woonera usokonezeke ngati iwowo, koma ukangoyang'ana pa WhatsApp mphindi ziwiri, watayika. Mathero ake ena amawakwiyitsa. Ine sanandikwiyitse, koma ndinakhala phee kwa kanthawi ndithu zilembo zikukwera. Karen Gillan, wa ku Scotland amene ambiri mumamudziwa m'mafilimu a Jumanji atsopanowa, ndiye Kaylie wamkulu, ndipo Tim ndi Brenton Thwaites wa ku Australia, koma kwa ine amene ananyamula katundu ndi ana awiri amene akusewera ubwana wawo.

Tsopano za tsiku loyamba zija. Ndikulankhula ngati mnzanu wa m'gulu lomwelo. Amayi atatisiya, maliro atatha, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutigawana ngati mmene zimakhalira: ine kwa atsibweni ku Ndirande, mlongo wanga kwa azakhali cha ku Jali. Tinkaonana pa Khirisimasi, nthawi zina osaonana n'komwe. Filimuyi tinaionera limodzi tili akuluakulu kale, iye atabwera kwanga kuno. Itatha anangoti, "Achimwene, mukukumbukira makina osokera a amayi aja anapita kuti?" Ine ndinayankha mosavutika kuti anagulitsidwa kuti ndilipirire fizi ya Fomu 1, chifukwa ndi zimene ndinauzidwa ndipo ndinakula ndikuthokoza. Iye akuti ayi, anawaona ndi maso ake akukwezedwa pa ngolo limodzi ndi wailesi ndi matilesi, tsiku lotsatira kumeta, ndipo sanagulitsidwe, anakawapeza kwa wachibale wina patapita zaka akusokera ana ake mayunifolomu. Tinakangana mpaka tambala woyamba. Aliyense anali ndi umboni wake m'mutu, aliyense ankaona ngati mnzakeyo ndi amene anadyetsedwa bodza ndi amene anamulera. M'mawa mwake anapanga tiyi osandilankhula. Tinadzagwirizana pambuyo pake, koma za makinawo mpaka lero aliyense ali ndi zake.

Sindikunena kuti inunso zikuchitikirani. Mwina inu ndi alongo anu munakambirana kale zonse ndipo mungoseka n'kuopsezana pa galasi la wadiropu. Koma ngati pali nkhani zimene simunazikhudzepo chisiyanireni, filimuyi idzazitokosa, ndiye ndi bwino zikupezeni mutadyera limodzi nsima masiku angapo. Ayambe apuma. Mukwere nawo kuphiri akaone damu la Mulunguzi, ngati miyendo ilipo mukafike ku dzenje la Chingwe, kumene kulinso nthano zake zoopsa zokwanira tsiku limenelo. Akadye chambo kapena matemba a ku Chilwa, aone adzukulu a agogo aja. Filimu idzabwere pambuyo.

Pofuna kuipeza, mukalemba dzina lokhalo pa intaneti mudzangoona magalasi ovala kumaso osewerera magemu, chifukwa dzina ndi limodzi, ndiye muwonjezere 2013 kapena dzina la Flanagan. Mukatuma mwana kwa anyamata oika mafilimu mu fulashi ku Mpondabwino kapena ku Matawale, mumulembere pa pepala, ndipo muwauze kuti mukufuna yosamasulira. Sindikunyoza omasulira athu, pa mafilimu a nkhonya amandiseketsa mpaka misozi, koma iyi mphamvu yake ili pa zii, ndipo munthu akamaponyamo nthabwala pamene Kaylie wanyamula apozi uja, mwataya ndalama yanu. Ngati Chingerezi chothamanga chimakuvutani, pezani ya mawu olembedwa pansi. Ilinso ina ya ku India ya nkhani yomweyi, Dobaara, ya 2017, imene Huma Qureshi ndi Saqib Saleem, omwe ndi pachibale enieni, akusewera ngati mtsikanayo ndi mlongo wake. Akakupatsani imeneyo sanakubereni, koma yambani ndi yoyambayo.

Musaonere pa foni, zithunzi zake zambiri ndi zamdima ndipo zimene zikuyenda kumbuyo kwa anthu simudzaziona. Ndi yotalika ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 45, ndiye ngati ndi pa laputopu itchajeni idzaze, kuti magetsi akathawa pakati musatsale mumdima ndi theka la nkhani. Ine zinandichitikira ulendo wachiwiri, ndipo popita kukasaka machesi ndinadutsa pa galasi la m'khonde nditayang'ana kumbali.